Mphaka pa khadi la Khrisimasi, 11:11 pa foni: kodi ndi malodza?

Disembala akangolowa, mafoni a anthu a m'mphepete mwa nyanja, kuchokera ku Chia kudutsa pa Boma la Nkhotakota mpaka ku Dwangwa, amadzaza ndi mafuno abwino. Zina mwa zithunzizo zimakhala za mwana wa mphaka atavala chisoti chofiira, wakhala pansi pa mtengo wodzaza nyali. Mauthenga ena amati ukaona 11:11 kapena 444 usanyozere, kumwamba kukukuyankhula. Wina amaseka n'kutumizira mnzake, wina amafufuta msanga poopa kuitana tsoka pakhomo. Mafunso ali m'munsiwa ndi omwe amabuka anthu akayamba kukambirana zinthu ziwirizi.

Nthawi zambiri ndikayang'ana foni ndimapeza ili 11:11 kapena 2:22. Kodi alipo akufuna kundiuza kanthu?

Yambani mwawerenga mipata yomwe wotchi imakupatsani. Pa wotchi ya maola 12 pali 1:11, 2:22, 3:33, 4:44, 5:55 ndi 11:11, ndipo iliyonse imabwera kawiri pa tsiku, kutanthauza maulendo 12. Foni yanu ikakhala ya maola 24, ola ndi mphindi zimafanana maulendo 24, kuyambira 00:00, 01:01 mpaka 23:23. Onjezerani 12:34 ndi zina zomwe diso limakondwera nazo. Munthu amene amasuzumira pa foni kambirimbiri pa tsiku, poyembekezera uthenga wa ndalama kapena wa nsomba zomwe watumiza ku Lilongwe, sangalephere kugumana nazo. Chodabwitsa chikadakhala kusaziona.

Kenako pali khalidwe la ubongo. Mukaona 3:47 simusunga, pakuti palibe chogwirira. Mukaona 3:33 mumaima kaye, mwina n'kuuzako mnzanu, ndiye imakhazikika m'mutu. Pakutha sabata mumakumbukira maulendo anayi a 3:33 koma mazana a maulendo ena aja afufutika. Amayi amazidziwa izi: ukagula chitenje chomwe umayesa n'chosowa, mawa lake pa msika umachiona pa munthu wachitatu aliyense. Zitenjezo zidalipo kale, diso ndilo layamba kuzisaka. Katswiri wa ziyankhulo wa ku Stanford, Arnold Zwicky, adalemba za chinyengo cha maso choterechi mu 2005.

Thupinso lili ndi wotchi yake. Amene amadzuka usiku uliwonse cha m'ma 3 koloko, kaya ndi chikodzo kaya ndi phokoso la asodzi obwerera kumtunda, akhoza kuiona 3:33 nthawi ndi nthawi.

Nanga zoti awa ndi manambala a angelo zidachokera kuti? Zili m'Baibulo?

Mulibe. Ndandanda yomwe ikuzungulira pa WhatsApp ndi TikTok, yoti 111 ndi chiyambi chatsopano, 444 ndi chitetezo, 888 ndi chuma, ndi ya posachedwapa. Amene adaitchukitsa ndi mayi wa ku America, Doreen Virtue, kudzera m'mabuku ake, lina mwa iwo ndi Angel Numbers 101 la mu 2008. Mu 2017 mayiyu adatembenuka mtima n'kukhala Mkhristu wotsata Baibulo lokha, ndipo kuchokera pamenepo wakhala akuchenjeza anthu poyera kuti asiye kutsata zomwe adalemba kale. Mwini nyimbo adaileka, ovina akadali m'bwalo.

Ena amati akaona 3:33 amatsegula Yeremiya 33:3, akaona 4:44 amasaka vesi lina lotero. Kuwerenga malemba n'kwabwino nthawi ina iliyonse, koma dziwani kuti aneneri ndi atumwi sadalembe manambala a mitu ndi mavesi. Mitu yomwe tikugwiritsa ntchito idagawidwa ndi Stephen Langton cha kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1200, ndipo mavesi a Chipangano Chatsopano adaikidwa ndi wosindikiza mabuku Robert Estienne mu 1551. Yeremiya sadadziwe kuti mawu ake adzagwera pa 33:3.

Wotchi nayo ndi pangano la anthu. Pamene pa Nkhotakota ili 11:11, ku Tanzania ili 12:11, ndipo Mswahili wowerenga maola mwa kwawo, amene amayambira kuwerenga dzuwa likatuluka, angakuuzeni nambala inanso. Ngati mngelo akutumiza uthenga ndi wotchi, ndiye kuti akutsata nthawi yomwe boma lidakhazikitsa.

Koma 666 ndiye ili m'Baibulo. Imeneyo tisaiope?

Ilimo, pa Chivumbulutso 13:18, ndipo ndi nambala yomwe yasautsa Amalawi kuposa ina iliyonse. Pa kalembera wa zitupa za unzika mu 2017, pomwe anthu oposa 9 miliyoni adalembetsa, ena adazengereza poganiza kuti chitupacho ndi chizindikiro cha chilombo. Katemera wa Covid-19 atafika mu Malichi 2021, mphekesera yomweyo idabweranso, ndipo ambiri adathawa jakisoni.

Zinthu zingapo ziyenera kudziwika. Choyamba, mlembi wa Chivumbulutso sadalembe 6 katatu motsatizana monga tionera lero. Manambala omwe timalembawa adachokera ku India, n'kudutsa kwa Aluya, ndipo ku Ulaya adayamba kufala Fibonacci atalemba buku lake mu 1202. M'Chigiriki zilembo ndizo zinkaimira manambala, choncho m'mipukutu yakale nambalayi idalembedwa m'mawu, kapena ndi zilembo zitatu zosiyana, china cha 600, china cha 60, china cha 6. Kubwereza komwe kumatiopsa sikunkaoneka motere kwa owerenga oyamba.

Chachiwiri, si mipukutu yonse yomwe ili ndi 666. Kachidutswa kakale kwambiri kotchedwa Papyrus 115, komwe kadapezeka ku Oxyrhynchus m'dziko la Egypt, kali ndi 616, ndipo Irenaeus, bishopu wa m'zaka za m'ma 100, ankadziwa kuti mipukutu ina imatero. Akatswiri ambiri a Baibulo amati mlembi ankaphiphiritsa dzina la Nero, mfumu ya Aroma kuyambira chaka cha 54 mpaka 68, amene adazunza Akhristu. Dzina lake ndi udindo wake zikalembedwa m'zilembo za Chihebri, kuwonkhetsa kwake kumapereka 666, ndipo likatsata katchulidwe ka Chilatini, kopanda n wa kumapeto, kumapereka 616. Mipingo ina imamasulira mosiyana, ndipo ndi ufulu wawo, koma palibe kumasulira komwe kumasandutsa nambala ya risiti kapena ya galimoto kukhala chilombo.

Baibulo lomwelo limatchula 666 malo ena popanda choopsa chilichonse. Pa 1 Mafumu 10:14 ndi kulemera kwa golide yemwe ankafika kwa Solomoni pa chaka, ndipo pa Ezara 2:13 ndi chiwerengero cha ana a Adonikamu obwerera kuchokera ku ukapolo.

Nanga 786 yomwe Asilamu ena amalemba pamwamba pa kalata kapena pa sitolo?

Funsoli ndi loyenera kuno, pakuti Chisilamu chidazika mizu ku Nkhotakota kuyambira nthawi ya Jumbe Salim bin Abdallah m'zaka za m'ma 1840. Monga Chigiriki ndi Chihebri, zilembo za Chiarabu zili ndi manambala ake, ndipo mukawonkhetsa zilembo za mawu a Bismillah onse mumapeza 786. Chizolowezichi chidakula makamaka ku India ndi ku Pakistan, komwe anthu ankaopa kulemba dzina la Mulungu pa pepala lomwe lingadzatayidwe kudzala. Si lamulo la Qur'an, ndipo mashehe ambiri amalangiza kuti munthu atchule mawu enieniwo m'malo mwa nambala. Wolemba 786 sakulosera kanthu, akungofupikitsa.

Ngati nambala ikundibwerera kawirikawiri, bwanji ndisaibetchere?

Apa ndi pomwe nkhaniyi imasiya kukhala yoseketsa, chifukwa ndalama ya usipa wa usiku wonse imatha kulowa m'foni mphindi zochepa. Makina otulutsa manambala sakumbukira zomwe adatulutsa dzulo, komanso sadziwa zomwe inu mwaona pa wotchi. Ku Monte Carlo mu Ogasiti 1913, kampira ka juga kadagwera pa mtundu wakuda maulendo 26 motsatizana. Anthu adataya chuma chambiri pobetchera wofiira, aliyense akuti tsopano wakuda watopa. Kampira sikatopa. Ku South Africa pa 1 Disembala 2020, lotale ya PowerBall idatulutsa 5, 6, 7, 8, 9 ndi 10. Anthu adakuwa kuti pachitika chinyengo, koma mndandanda umenewu uli ndi mwayi wofanana ndendende ndi mndandanda wina uliwonse. Chomwe chidachitika n'chakuti anthu 20 adaasankha manambala okongolawo, ndiye mphotho adagawana. Nambala yokongola siwonjezera mwayi wopambana, imangochulukitsa ogawana nawo.

Abale athu omwe adakhalako ku Joni amaidziwa fafi, juga ya m'makomboni yomwe ena amaitcha mochina. Ili ndi manambala kuyambira 1 mpaka 36, ndipo nambala iliyonse ili ndi chinthu chake cha kumaloto: mfumu, nyani, mwezi, nkhumba, mphakanso ali ndi yake. Ukalota mphaka umabetchera nambala ya mphaka. Masewerawa akhalapo zaka zambirimbiri chifukwa woyendetsa ndiye amatsala ndi phindu, osati wolota.

Onaninso m'mene tanthauzo limasinthira ukawoloka malire. Ku China ambiri amaipewa 4 chifukwa katchulidwe kake kamafanana ndi ka imfa, ndipo nyumba zina zosanja zilibe nsanjika yachinayi. Ife kuno timayimba *444# tsiku ndi tsiku kuti tilandire ndalama pa Mpamba. Achina omwewo amaikonda 8 kwambiri moti masewera a Olympics a ku Beijing adawatsegulira pa 8 Ogasiti 2008, 8 koloko madzulo. Kuno manambala ambirimbiri a foni amayamba ndi 0888 kapena 0999, ndipo eni ake ena ndi olemera, ena akugona ndi njala.

Tibwere kwa mphaka. Akufunanji pa khadi la Khrisimasi? Kodi adaliko ku Betelehemu?

Luka amatchula chodyeramo ziweto ndi abusa oyang'anira nkhosa, basi. Ngakhale ng'ombe ndi bulu zomwe timaziona pa zithunzi zonse za kubadwa kwa Yesu sizili m'nkhani ya Luka. Ojambula akale adazitenga pa Yesaya 1:3. Mphaka woweta satchulidwa n'komwe m'mabuku 66 a Baibulo la Aprotestanti. M'Baibulo la Akatolika amatulukira kamodzi, m'kalata ya Yeremiya yomwe ili kumapeto kwa buku la Baruki, pomwe mlembi akunyoza mafano kuti amphaka amakhalapo.

Ojambula ena a ku Italy adamulowetsa m'banja loyera. Leonardo da Vinci adasiya zojambula za Maria ndi mwana Yesu atakumbatira mphaka, ndipo Federico Barocci, cha m'ma 1575, adajambula banjali lili ndi mphaka pambali. Chithunzicho chili ku National Gallery mu London. 

Koma mphaka wa pa foni yanu, wa maso aakulu ndi chisoti chofiira, ndi mdzukulu wa malonda a ku Mangalande. Khadi loyamba la Khrisimasi logulitsa lidatuluka mu 1843, Henry Cole atapempha John Callcott Horsley kuti amujambulire. Osindikiza atazindikira kuti tinyama tokongola timagulitsa makadi, adadzaza msika ndi mbalame, agalu ndi amphaka. Mu 1886 nyuzipepala ya Illustrated London News idasindikiza, m'kope lake la Khrisimasi, chojambula cha Louis Wain cha ana amphaka pafupifupi 150 ali pa phwando. Chidatchuka kwambiri, ndipo Wain adatha moyo wake akujambula amphaka ovala zovala, akumwa tiyi, akusewera ngati anthu. Kumeneko Disembala ndi nyengo ya chisanu choopsa, ndiye mphaka wodzipinda pafupi ndi moto amaimira nyumba yofunda ndi banja lomwe lasonkhana. Kuno Disembala ndi thukuta, mvula yoyamba, mango ndi kubzala, n'chifukwa chake chithunzicho chimafika kwa ife chitavula tanthauzo lake, n'kutsala mphaka yekha woti tidzimasulire tokha.

Ndiye kuti kulikonse kunjako mphaka wa pa chikondwerero ndi wabwino?

Ayi ndithu. Ku Iceland kuli nthano ya chimphaka chachikulu cha Khrisimasi, Jólakötturinn, chomwe amati chimadya aliyense amene sadalandire chovala chatsopano Khrisimasi isadafike. Akuti nthanoyi inkalimbikitsa antchito kumaliza msanga kukonza ubweya wa nkhosa, pakuti wolimbikira ndiye ankapatsidwa chovala. Mu mzinda wa Reykjavik amaimika chifanizo chake chowala nyali nyengo ya Khrisimasi. (Ana a kuno, omwe amalirira malaya atsopano a pa 25 Disembala, angaimvetse bwino nthanoyi kuposa makolo awo.) Ku America mphaka wakuda ndi wa chikondwerero cha Halloween pa 31 Okutobala, amayenda ndi mfiti pa zithunzi, pomwe ku Britain ambiri amati mphaka wakuda ndi wamwayi. Ku Vietnam chaka cha 2023 chidali Chaka cha Mphaka, ndipo mizinda idaimika zifanizo zake pa chikondwerero cha chaka chatsopano. Kachidole ka mphaka kokweza dzanja komwe mumakaona m'masitolo a Achina kadachokera ku Japan, ndipo ntchito yake ndi kukodola makasitomala.

Koma kwathu mphaka, makamaka wakuda, amayenda ndi afiti. Si zoona?

Chikhulupirirochi chilipo ndipo n'champhamvu. Mphaka amaikidwa gulu limodzi ndi kadzidzi ndi fisi, zonse zoyenda usiku anthu ali m'tulo. Azungu nawo adadutsamo: mu 1233 Papa Gregory IX adalemba kalata yotchula mphaka wakuda pa miyambo ya anthu omwe ankawaganizira kuti amapembedza Satana, ndipo kwa zaka mazana angapo ku Ulaya amphaka ndi amayi okalamba owaweta adavutika limodzi. Aigupto akale adali mbali inayo, ankalemekeza mphaka mwa mulungu wawo wamkazi Bastet mpaka kuumika mitembo ya amphaka.

Pa Nkhotakota pomwe pano maganizo si amodzi. M'Chisilamu mphaka ndi nyama yaukhondo yololedwa m'nyumba. Mmodzi mwa maswahaba odziwika kwambiri, Abu Hurairah, adapatsidwa dzinali chifukwa cha kamphaka komwe ankayenda nako, ndipo pali hadisi yonena za mayi amene adalangidwa chifukwa chotsekera mphaka mpaka kufa ndi njala. Ndiye mphaka mmodzi yemweyo akhoza kupatsidwa mitu ya usipa pakhomo lina, n'kuponyedwa mwala pakhomo loyandikana nalo.

Zomwe zimaopsa anthu zili ndi zifukwa zake. Maso owala mumdima ndi chifukwa cha kachikopa konyezimira kuseri kwa diso, komwe kamabweza kuwala kuti nyamayo ione bwino usiku. Agalu, ng'ona ndi ng'ombe ali nako. Kulira konga kwa khanda pakati pa usiku ndi mphaka wamkazi wofuna mwamuna, kapena amuna awiri olimbirana dera. Kuda kwa ubweya ndi chibadwa chabe, ndipo mphaka mmodzi amatha kuswa ana akuda, oyera ndi amawanga nthawi imodzi. Kholo la mphaka woweta ndi vumbwe, yemweyo wogwira nkhuku, ndipo adayamba kuyandikira anthu pomwe anthu adayamba kusunga mbewu. Ku Cyprus adafukula manda a zaka pafupifupi 9,500 momwe munthu adaikidwa pamodzi ndi mphaka. Pa khomo lomwe pali matumba a mpunga ndi makaka a chinangwa, mphaka amagwira ntchito yomwe idamubweretsa kwa anthu poyamba.

Asodzi amawerenga zizindikiro tsiku lililonse ndipo zimawathandiza. Zikusiyana pati ndi za manambalazi?

Funso ili ndi lomwe lili ndi nyama. Msodzi wa chilimira akaona mwezi wakhwima amadziwa kuti usipa uvuta, ndipo sakulakwa. Siginala amakopa usipa ndi nyali, ndiye mwezi ukawala nyanja yonse nyaliyo imatha mphamvu, nsomba sizisonkhana. Akaona nyanja yayamba kuchita thovu kummwera m'miyezi yozizira, amadziwa kuti mwera wafika ndipo bwato liyenera kukhala kumtunda. Mphepo ikatembenuka kukhala mpoto, mvula ili pafupi. Utsi wakuda woyenda pamwamba pa madzi si moto, ndi nkhungu, ndipo amayi amakonzeka kuzikola. Chizindikiro chilichonse apa chili ndi chingwe chochimangirira ku chomwe chikulosera: kuwala ndi nsomba, mphepo ndi mafunde. Mukhoza kuchitsata chingwecho ndi dzanja mpaka kumapeto.

Kuonjezera apo, nzeru za asodzi zidayesedwa ndi zolephera. Wonyozera mwera amamira, ndipo mudzi wonse umaphunzira. Za 11:11 palibe amene amawerenga masiku omwe adaiona koma osachitika kanthu, kapena masiku omwe zabwino zidabwera wotchi ili 9:26. Tanthauzo lakenso ndi lotambalala dala: chiyambi chatsopano chikhoza kukhala ntchito, chibwenzi, mimba kapena kusamuka, choncho silingalephere. Ulosi womwe sungalephere sukuuzani chilichonse.

Sindikunena kuti zonse za pa doko ndi zoyesedwa. Asodzi omwewo ali ndi zizimba ndi miyambo ya pa ukonde yomwe ilibe chingwe chotere, ndipo mnyamata amene amadziwa bwino mwezi ndi mphepo akhoza kukhala yemweyo wobetchera 777. Kwa ine chodandaulitsa n'chakuti anthu omwe ali ndi luso lakuya chotere lowerenga nyanja akugula kwa alendo ndandanda yomwe mwini wake adaitaya.

Kodi pali cholakwika ndikamaona 11:11 n'kupemphera, kapena ndikatumiza khadi la mphaka?

Ngati nambalayo ikukukumbutsani kupemphera kapena kuimbira foni amayi kumudzi, yakhala belu lomwe mwadziikira nokha, ndipo palibe amene wapwetekeka. Vuto limayamba pomwe nambala yayamba kukusankhirani zochita, monga kukana katemera, kuthetsa ukwati kapena kubetcha ndalama ya feteleza. Za khadi, ganizirani wolandira. Agogo omwe amaona malodza mwa mphaka sangamve Khrisimasi pa chithunzi chotero. Ojambula athu ali ndi zawo: ku KuNgoni, malo a zaluso omwe bambo Claude Boucher adayambitsa ku Mua mu 1976, osema amasema Maria ndi Yosefe ngati anthu a kuno, ndipo oumba a ku Nkhotakota Pottery amajambula pa mbale ndi makapu nyama, nsomba ndi moyo wa m'midzi yathu. Amphaka omwe Amalawi tidawasankha kale pa zojambula zathu ndi akuluakulu, mkango ndi kambuku omwe agwirizira chishango pa chizindikiro cha dziko.

Mphaka wa aneba amabwera pakhomo panga usiku uliwonse, ndipo mwana wanga wadwala. Ndichite chiyani?

Mwana apite kuchipatala lero lomwe, kaya cha boma pa Boma kapena St Anne's, akayezedwe malungo, pakuti m'mphepete mwa nyanja nyengo ya mvula ndiwo oyamba kuwaganizira. Mphakayo akutsata fungo la nsomba za pa thandala kapena makoswe a m'nkhokwe. Sungani nsomba pomwe sangafike ndipo maulendo ake achepa. Musaloze chala mwini wake. Lamulo la za ufiti la mu 1911, lomwe likugwirabe ntchito, limati kunena munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu, ndipo omwe amavulazidwa pa milandu yotere kawirikawiri ndi okalamba okhala okha. Choopsa chenicheni chomwe mphaka angabweretse ndi chiwewe. Akaluma kapena kukanda mwana, tsukani balalo ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, kenako thamangirani kuchipatala tsiku lomwelo osadikira zizindikiro, chifukwa zikangoyamba kuoneka matendawa sachizika. Alangizi a ziweto akalengeza katemera wa agalu m'dera lanu, uzani aneba atenge ndi mphaka yemwe.